Ziguduli za Esinati ku Lusaka

Mkazi wanga Esinati ankajambula pa ziguduli, zija alimi amakutira mabelo a fodya. Penti sankagula. Ankatapa katondo kumunda, makande kudambo, ndi dothi loyera la kuchitsime cha kwawo, n'kusefa, n'kusakaniza ndi guluu wa akalipentala. Lusoli analitengera kwa mayi ake, omwe ankakongoletsa zipupa ndi dothi mvula ikatha. Koma iye maluwa sankajambula. Ankajambula minda monga mmene khwangwala amaionera ali m'mwamba: mizere, zigafa zoumitsira fodya, nazale m'mbali mwa dambo, tinjira topita kuchitsime. Anamwalira ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Za zimenezo sindilemba zambiri.

Maliro atatha, katundu wake anabwerera kwawo kwa Lukwa monga mwa mwambo, ziguduli zomwe. Ndinapempha mlongo wake wamkulu, a Zakeyo, omwe ndi mwini mbumba, kuti andisiyireko chimodzi. Anati, "Alamu, musafulumire, tiyambe takusudzulani." Litafika tsiku losudzulalo, pamene abale a malemu amamasula wofedwa kuti akayambe moyo wina, ndinafunsanso. A Zakeyo anapukusa mutu.

"Pepani alamu, chiswe. Tinaziika pansi kuchipinda kwa amayi. Zotsala tinangotentha."

Ndinawakhulupirira. Ndinawathokozanso chifukwa chosandibisira.

Patatha chaka ndi miyezi, mnzanga wa ku koleji ya uphunzitsi, yemwe tsopano amaphunzitsa ku Lusaka, ananditumizira chithunzi pa foni. Anali atapita ndi ana asukulu kunyumba ina yoonetsera zojambula, kumene kunabwera ntchito za Aaborijini, eni nthaka a m'chipululu cha ku Australia. Analemba kuti zinamukumbutsa zija za alamu ake, Esinati. Iye ankanena za chojambula chachikulu cha madonthomadontho chomwe chinali pakati pa chithunzicho. Ine maso anga anapita kumbali, pomwe panaoneka khomo lolowera chipinda china. Kuseri kwa khomolo kunkaoneka theka la chiguduli, ndi kanjira kofiira kozungulira chulu. Chulu chimenecho ndimachidziwa. Chili kumunda kwa apongozi anga.

A Zakeyo sindinawaimbire. Ndinkafuna ndikaone kaye ndi maso anga ngati zilidi za Esinati, komanso ngati anthu oziona amauzidwa dzina lake. Sukulu itatsekera Pasaka, ndinanyamuka.

Kabaza ananditula pa depoti ya Kasungu dzuwa lisanatenthe. Minibasi ya ku Mchinji inkaoneka yotsala pang'ono kudzaza, ndiye ndinalipira n'kukhala. Nditangokhala, anyamata anayi omwe anali kumbuyo anatsika mmodzimmodzi. Anali oikidwa dala kuti akope ife. Tinadikira mpaka mthunzi wa minibasi utabwerera pansi pake. Dalaivala ankaliza injini, n'kusuntha pang'ono, n'kuzimitsanso, ngati munthu wotsanzikana ndi chibwenzi.

Inali nyengo yoti msika wa fodya wangotsegulidwa. Pa Chinkhoma, pomwe msewu wa ku Mchinji umapatukira, malole anali atandandalika kudikira kulowa kuokushoni, mabelo ali mbwee mpaka m'mwamba, onse okutidwa ndi ziguduli. Ndinayang'ana zenera la mbali inayo.

Pa Santhe panakwera mayi wina wonenepa, wa zikwama zikuluzikulu zitatu zopanda kanthu, chimodzi m'kati mwa chinzake. Kondakitala ankamutchula kuti a Nachisale. Ankapita ku Lusaka kukapikula mabulangete.

"Achimwene, tasunthani. Mwatambalala ngati minibasiyi munagula ndinu."

Ndinasuntha.

"Mukupita kuti?"

"Ku Lusaka."

"Ku Lusaka ndi kachikwama kamodzi? Ngati mkamwini wothamangitsidwa usiku!"

Minibasi yonse inaseka. Ine ndinamwetulira pang'ono kuti nkhaniyo ithe. Siinathe. Pofika pa Kapiri anali atadziwa kuti ndine mphunzitsi, kuti kwathu n'kwa Chisemphere, ndi kuti sindinatulukepo m'Malawi. Pofika pa Kamwendo anali atanditenga ngati mwana woti wasiyidwa m'manja mwake.

Ku Mchinji tinakwera kagalimoto kopita kumalire, anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, wina atakhalira limodzi ndi dalaivala. Osintha ndalama anatizinga tisanatsike n'komwe. A Nachisale anawakankha ndi chigongono n'kuitana wawo amene amamudziwa. Pamzere wodinditsa pasipoti anandifunsa kuti ndikayankha chiyani akandifunsa chomwe ndikukachita ku Zambia.

"Ndinena kuti ndikukaona zojambula."

"Zojambula! Aphunzitsi, mukufuna tigone pano? Munthu wa ku Kasungu kuchoka kwawo kukaona zojambula, akhulupirira ndani? Muzingoti mukukaona abale."

Nditafika pazenera ndinanena zomwezo, kuti ndikukaona abale. Ndinachita manyazi ndi bodzalo, koma ndikuyenda kupita ku galimoto ya ku Chipata ndinaona kuti silinali bodza kwenikweni.

Mabasi a ku Lusaka amanyamuka ku Chipata m'bandakucha, choncho tinagona kumeneko, a Nachisale kwa mnzawo, ine pa resitihausi ya pafupi ndi depoti. M'mawa ndinapeza atandisungira mpando wa pazenera. Basi isananyamuke munalowa mlaliki, yemwe anatipempherera kuti tisafe panjira, n'kutsikira pa Katete chipewa chili cholemerako. Tinadutsa Sinda, tinadutsa Petauke. Dzikolo silisiyana ndi kwathu, chimanga chomwecho, njinga zomwezo za makala. Pa Nyimba aliyense anagula nthochi ngati kuti ku Lusaka kuli njala.

Titayamba kukwera mapiri a ku Kacholola, basi inayamba kununkha ngati ketulo yoiwalika pamoto. Dalaivala anaimika pambali. Paipi ya madzi inali itaphulika. Kondakitala anati, "Mphindi zochepa chabe, makolo," ndipo a Nachisale atamva zimenezo anayala chitenje pansi pa mtengo n'kuvula nsapato.

"Akati mphindi zochepa, dziwani kuti paipiyo ikuchokera ku Petauke pa basi ya masana. Khalani pansi."

Anali kunena zoona. Tinakhala pamenepo kuyambira mmawa mpaka dzuwa litapendeka. Amuna anazungulira injini, aliyense n'kukhala makaniko. Wina anati amange ndi mphira wa chubu cha njinga, anamangadi, ndipo anathira madzi onse akumwa omwe anapempha kwa apaulendo. Basi inayenda mtunda woti munthu angaponye mwala, mphira uja n'kuphulika. Tinabwerera pansi pa mtengo wathu tilibe madzi. Mlimi wina wa thonje anakangana ndi kondakitala kuti amubwezere theka la tikiti, mpaka onse awiri anatopa n'kugawana nthochi.

M'pamene a Nachisale anandifunsa bwinobwino, mawu atatsitsa.

"Akazi anu anakulolani bwanji kuyenda ndi malaya osasita chonchi?"

Ndinawauza. Sindinafune, koma pamalo opanda kothawira munthu umayankha. Ndinawauza za Esinati, za ziguduli, za chiswe, n'kuwaonetsa chithunzi cha pa foni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akukulitsa ndi zala.

"Ine pakamwa pangapa padzandiphetsa," anatero. "Zija ndinanena pa Santhe zija, mundikhululukire."

"Palibe kanthu."

"Ndiye chiswe cha kwa Lukwa chili ndi pasipoti, eti? Chinadya ziguduli n'kukazilavulira ku Lusaka."

Ndinaseka. Kanali koyamba kuseka nkhani yokhudza Esinati, ndipo ndinadzimva ngati ndalakwa.

"Koma aphunzitsi, ndifunse. Anakusudzulani?"

"Anandisudzula."

"Mwana palibe?"

"Palibe."

Anasenda nthochi, n'kundipatsa. Kenako anati, "Ndiye mukakafika mukanena kuti ndinu ndani?"

Funsolo ndinali nalo kuchokera ku Kasungu, kungoti ndinkalipewa.

Paipi inabweradi pa basi ya masana. Pa mlatho wa Luangwa tinaima pang'ono, anthu anagula nsomba zouma ndi madengu, ine ndinagula madzi. Kuchoka apo ndinagona. Tinalowa mu Lusaka magetsi a mumsewu atayaka. Mnzanga uja anadzandichingamira. A Nachisale anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mukakwiya musakaswe magalasi a eni ake, kuno si kwanu," n'kulowa m'chikhamu ndi zikwama zawo.

Kunyumba yoonetsera zojambulayo ndinapita ndekha m'mawa mwake. Ndi nyumba wamba ya m'dera la anthu olemera, ya mpanda ndi mitengo. Anandilandira mayi wina wovala magalasi, a Tembo, amene amayang'anira malowo. Atamva mayankhulidwe anga anasiya Chingerezi.

"Ndinu a ku Malawi? Ine kwathu n'ku Katete. Ndife amodzi, lowani."

Chipinda choyamba chinali cha Aaborijini aja. Khomo la chipinda chachiwiri ndinaliona nditangolowa, koma sindinathamangireko. Ndinawalola a Tembo kuti andiyendetse pang'onopang'ono. Zojambulazo n'zazikulu, zina zotalika kuposa munthu, za madontho ofiira, oyera, achikasu, ochuluka ngati mapira oyanika. A Tembo anati zozungulira zija nthawi zambiri ndi zitsime kapena malo amene anthu amakhalapo, ndipo mizere yolumikiza ndi njira. Anati kumeneko munthu sajambula dziko la mwini. Aliyense amajambula dera la makolo ake ndi nkhani zimene ali ndi ufulu wozinena, ndipo zina zimene zili m'chojambulamo alendo sauzidwa. Sindinganame kuti ndinamvetsa zambiri. Chomwe ndinaona n'choti ojambulawo malo amenewo anawayenda ndi mapazi, ndipo ankadziwa pomwe pali madzi.

Pambali pa chojambula china, kachikwangwani kake kanali komatidwa ndi pepala loyera, dzina ndi nkhope zonse zobisika. Ndinafunsa chifukwa chake.

"Gogo amene anajambula ichi anamwalira katunduyu ali kale panjira," a Tembo anatero. "Kwawoko munthu akamwalira, dzina lake silitchulidwa, nkhope yake sionetsedwa, mpaka abale atalola. Anatitumizira uthenga, ife tinamata tsiku lomwelo. Pano timamvera eni maliro."

Ndinaima pamenepo kuposa pena paliponse. Kenako panalibenso china choti ndione, ndipo ndinalowa chipinda chachiwiri.

Ziguduli zija zinali momwemo. Anazikoka bwino pamatabwa, n'kuziunikira ndi magetsi. Munda wa apongozi ndi chulu chake. Dambo la kuseri kwa sukulu yathu. Nazale zitatu zimene anajambula ali ndi malungo. Ndinayandikira chilichonse kufunafuna pomwe chiswe chinaluma. Panalibe ngakhale kabowo. Pakhoma lina panali msomali wopanda kanthu.

Kachikwangwani kanali pafupi ndi khomo. Panalembedwa kuti Zakeyo Mwale ndi banja lake, Kasungu. Pamwamba pake panali chithunzi cha a Zakeyo atakhala pakhonde la apongozi, manja ali psuu ndi katondo, akumwetulira. A Zakeyo, munthu amene sindinamuonepo atagwira dothi, amene ankaseka mlongo wake kuti akuwononga ziguduli zoti zikanakutira fodya.

"Amene anajambula izi si munthu uyu," ndinatero. Mawu anga anatuluka bwinobwino, ngati ndili m'kalasi.

A Tembo sanadzidzimuke monga ndinkayembekezera. Anati a Zakeyo anamva kwa munthu wina wogula fodya kuti nyumbayi ikufuna zojambula za dothi za kuno kwathu zoti ziyendere limodzi ndi za m'chipululu. Anabwera nazo okha. Ananena kuti ankajambula limodzi ndi mlongo wawo amene anamwalira. Atafunsidwa dzina la mlongoyo, anayang'ana pepala loyera lija m'chipinda choyamba n'kunena kuti kwawonso n'chimodzimodzi: mkazi womwalira ali ndi pakati satchulidwa dzina.

"Ineyo ndine Mchewa, ndinadabwa," a Tembo anatero. "Koma ndinati imfa yotere ili ndi miyambo yake, mwina ku Kasungu amatero. Ndinaopa kulakwira maliro a eni."

"Dzina lake lili pachiliza kumanda," ndinatero. "Analemba pasimenti ndi msomali ndi a Zakeyo omwewo. Mwana wawo wamkazi amene wabadwa chaka chino amutcha Esinati."

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa kakanema kamene ndinamujambula tsiku lina ali pakhonde pathu, atagwada pa chiguduli cha chulu chija, akundithamangitsa kuti ndikumutchingira dzuwa. Ine sindinayang'ane. Ndinangomva mawu ake akutuluka m'manja mwa mlendo. Katatha, a Tembo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Cha pamsomali apo chili kuti?" ndinafunsa.

"Chinagulidwa sabata yoyamba. Anagula ndi mlendo, anabwerera kwawo kunja."

"Ndi dzina liti?"

A Tembo analoza kachikwangwani kaja.

Anandipatsa mpando muofesi mwawo. Anati akufuna akonze zimenezi, koma lamulo la nyumbayo ndi lomwe lija, kumvera amene mwambo umamupatsa mawu pa za malemu. Ndiye anandifunsa mondilemekeza, maso ali pansi, chifukwa yankho ankalidziwa ngati mmene ndinkalidziwira ine.

"Kwanuko, woyankhulira malemuwa ndani?"

Ndikanatha kunena kuti ndine. Satifiketi ya ukwati wa kutchalitchi ndili nayo. Koma ndinali nditangochoka m'chipinda chimene munthu ananamizira mwambo kuti apeze zake.

"Ndi mlongo wake. Ine anandisudzula."

"Ndiye tiwaimbire."

Anaika foni patebulo kuti tonse tizimva. Inaitana kanthawi. Kumbali inayo kunkamveka wailesi ndi nkhuku.

"A Zakeyo, ndine a Tembo ku Lusaka. Ndili ndi alamu anu pano."

Wailesi ija inazimitsidwa.

"Alamu! Muli ku Lusaka? Bwanji osanena, tikanakutumani."

"Ndadzaona chiswe chija, a Zakeyo."

A Zakeyo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akusankha mawu.

"Alamu, tiyeni tiyankhule ngati akuluakulu. Mukanazitenga inu mukanazitani? Mukanazipachika kuchipinda, mawa mwakwatira, mkazi watsopano n'kuziyala pansi kuti aziyanikapo ufa. Ine ndazipititsa kumene anthu akuziona. Amayi akudwala miyendo, mukudziwa, akuwasamala ndani?"

"Sindikufuna chiguduli, sindikufuna kalikonse kochokera pamenepa. Ndikupempha dzina lake lokha lilembedwe."

"Dzina ndi lathu, alamu."

"Munajambula ndinu?"

"Dothi lija ankatapa kumunda kwa yani?"

"A Zakeyo, munandiuza kuti munatentha. Ine ndinakuthokozani."

"Tinakusudzulani pamaso pa anthu," anatero, mawu atauma tsopano. "Tinakuuzani kuti pitani, mwamasuka. Za pamudzi pano zisiyeni. Mayi Tembo, amenewo ndi mlendo. Dzina la mlongo wanga musalembe, ndakana ine mwini mbumba."

Foni inaduka.

A Tembo anatuluka kukayankhula ndi mwini nyumbayo. Ndinatsala ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma. Sindinalire. Chomwe chinkandizungulira m'mutu n'choti munthu ameneyu ndinanyamula naye bokosi, phewa ndi phewa, ndipo usiku wa maliro anandifunditsa jekete lake.

Atabwerera anandiuza zomwe agwirizana. Kundipatsa zigudulizo sangathe, chifukwa si zanga. Kulemba dzina la Esinati sangathe, chifukwa mwini mbumba wakana. Kusiya dzina la a Zakeyo sangathenso, chifukwa tsopano akudziwa kuti ndi bodza, ndipo sagulitsanso china chilichonse. Chotsala n'kuchotsa kachikwangwaniko ndi kuphimba zojambulazo mpaka banja litagwirizana.

"Banja lake liti?" ndinafunsa.

"Lawo," anatero motsitsa. "Pepani."

Anandisiya ndekha m'chipindamo nthawi yonse imene ndinafuna. Ndinaziyang'ana chimodzichimodzi, kuyambira kukhomo mpaka kubwereranso kukhomo. Gulu la atsikana asukulu linalowa m'chipinda choyamba, ndinkawamva akuwerenga mayina a ojambula a m'chipululu mokweza, akulephera kuwatchula, akuseka. Mmodzi anasuzumira kumene ndinali, koma wantchito wina anamubweza kuti uku kwatsekedwa.

Wantchitoyo anabwera ndi makwerero ndi nsalu zoyera zopindidwa. Ndinawapempha a Tembo kuti andilole ndiphimbe ndekha. Kwathu mwamuna sasambitsa mkazi wake akamwalira, samuvekanso. Imeneyo ndi ntchito ya amayi, ife amatikhazika panja. Ine ndinangoitanidwa zonse zitatha kale.

A Tembo anagwira makwerero. Ndinayamba ndi nazale zija, kenako dambo la kusukulu. Nsalu ina inali yaifupi, mizere ya m'munsi inkaonekera, ndiye ndinatsika n'kusintha. Ndinamalizira munda wa apongozi. Ndinakoka nsalu mbali zonse kuti ikhale yowongoka, chifukwa Esinati sankakonda chinthu chopendekeka pakhoma.

Ndinabwerera ku Kasungu pa basi ya m'mawa mwake. Kwa Lukwa sindinapiteko, ndipo a Zakeyo mpaka lero sanavomere. Ndisanapite ku Lusaka anthu ankaona ntchito ya mkazi wanga pansi pa dzina la munthu wina. Tsopano palibe amene akuiona, ndipo nsaluzo ndinapachika ndine.